Tchuthi cha bambo mwana akabadwa si ulesi

M'maofesi momwe anthu amaweruka usiku, aliyense akudikira kuti bwana ayambe watuluka, mudazika maganizo oti bambo wopempha tchuthi mkazi wake akachira ndi waulesi, kapena ntchitoyo sakuifunanso. Ena amachita kumuseka kuti akukapuma.

Kupuma kwake kuti? Khanda lobadwa kumene limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku, usiku womwe. Mayi amene wachira kudzera pa opaleshoni amafunika masabata pafupifupi 6 kuti thupi libwerere m'chimake, ndipo saloledwa kunyamula zolemera. Pamafunika wina wochapa matewera, kuphika, kusamalira ana enawo, ndi kutonthoza khanda likamalira pakati pa usiku kuti mayi atsekeko maso pang'ono.

Chimene chimabweza abambo ambiri ndi mantha. Ku Japan lamulo limalola bambo kukhala pakhomo mpaka mwana atakwanitsa chaka, koma kwa zaka zambiri ndi ochepa okha amene ankalimba mtima kutero, poopa kuoneka otayirira pamaso pa mabwana. Dziko la Norway lidatsata njira ina mu 1993: lidapatula masabata 4 a bambo yekha, oti akapanda kuwatenga ndiye kuti banjalo lawaluza. Abambo adayamba kuwatenga mwaunyinji. Ofufuza adapezanso kuti bambo mmodzi akatenga tchuthichi, anzake a pantchitopo amatengerako, makamaka ngati woyambayo ali pa udindo waukulu.