Mphindi 7 zija zapita kuti?

Mlonda wadinda chala pa makina a pageti nthawi ili 7:53 m'mawa, koma pa pepala la malipiro palembedwa 8:00. Iye akuti amubera. Chachitika n'chakuti pulogalamu inauzidwa kuwerenga nthawi m'zigawo za mphindi 15, ndiye yamukankhira pa chigawo chapafupi.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Makompyuta ambiri amasunga nthawi ngati nambala imodzi: masekondi amene adutsa kuchokera pa 1 Januwale 1970, pakati pa usiku, pa nthawi ya UTC, imene mayiko onse amayezerapo nthawi zawo. Mphindi 15 ndi masekondi 900. Mumagawa nambala ija ndi 900, n'kutaya zotsala, n'kuchulukitsanso ndi 900. Mukatero 7:53 imabwerera pa 7:45. Mukafuna chigawo chapafupi, muyambe mwawonjezera 450 musanagawe, ndipo ikatera pa 8:00. Kusankha njira pamenepa ine sindisiyira wolemba pulogalamu yekha. Mwini ntchito anene, alembe, antchito adziwe, poti ndi ndalama za anthu.

Koma pamene ambirife timapunthwa ndi pa masiku. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, ndipo mukachita masamu omwe aja mufika pakati pa usiku wa UTC. Kuno ku Malawi imeneyo ndi 2 koloko usiku, chifukwa tili patsogolo ndi maola awiri. Zinandigwerapo pa malo ena omwetsera mafuta: zonse zogulitsidwa cha m'ma 1 koloko usiku zinkagwera ku dzulo, ndipo ndalama za m'kabati sizinkagwirizana ndi lipoti. Anyamata a pa pampu ndiwo anayamba kukayikiridwa, chonsecho wolakwa ndinali ine.

Masabata ndiye amaseketsa. Pa 1 Januwale 1970 panali Lachinayi, choncho mukangogawa ndi 604,800, omwe ndi masekondi a sabata imodzi, sabata iliyonse iziyamba Lachinayi. Ku India, komwe ali patsogolo pa UTC ndi maola 5 ndi mphindi 30, ngakhale ola lenilenilo limaduka pakati mukaliwerenga motere.

N'chifukwa chake PostgreSQL 14, pulogalamu yosungira deta yomwe inatuluka mu 2021, inabwera ndi date_bin, njira yogawira nthawi m'zigawo imene imafuna kuti munene nokha poyambira kuwerenga zigawozo. Olemba mapulogalamu m'chinenero cha Python asamale ndi round(), imene imakankhira nambala ku nambala yathunthu yapafupi: nambala ikakhala pakatikati penipeni imathawira ku nambala yogawika ndi 2, moti round(2.5) imapereka 2, pomwe round(3.5) imapereka 4.