Mayi Melina Mercouri ndi mkangano wa ziboliboli za ku Parthenon

Kuyambira mu 1801, anthu otumidwa ndi Lord Elgin, yemwe anali kazembe wa Britain ku ufumu wa Ottoman, anagumula ziboliboli zambiri pakachisi wakale wa Parthenon mumzinda wa Athens n'kuzitumiza ku London. Nthawi imeneyo dziko la Greece linali m'manja mwa ufumuwo, choncho eni nthaka analibe chonena. Mu 1816 boma la Britain linagula zibolibolizo ndi mapaundi 35,000, ndipo mpaka lero zili ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London.

Agiriki anadandaula kwa zaka zambiri, koma amene anachititsa kuti dandauloli limveke dziko lonse lapansi ndi Mayi Melina Mercouri. Iwo anabadwa mu 1920 m'banja la andale, popeza agogo awo aamuna anali meya wa Athens, ndipo anayamba kutchuka ndi zisudzo komanso mafilimu. Asilikali atalanda boma mu 1967, mayiwa anali ku New York, ndipo chifukwa chodzudzula ulamulirowo mosaopa analandidwa unzika ndi katundu. Anabwerera kwawo mu 1974, anasankhidwa kukhala phungu wa ku Piraeus mu 1977, kenako mu 1981 nduna yaikulu ya dzikolo, Andreas Papandreou, anawapatsa unduna wa zachikhalidwe.

Patangotha chaka, pamsonkhano wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, ku Mexico, ndunayi inapempha poyera kuti zibolibolizo zibwezedwe. Inkakana ngakhale dzina loti "miyala ya Elgin", ponena kuti amene anasema miyalayo ndi amisiri a ku Athens zaka zoposa 2,400 zapitazo, ndipo anaisema ngati ziwalo za nyumba imodzi. Mfundo imeneyi ndi yovuta kuitsutsa, pakuti pali ziboliboli zina zimene mutu uli ku Athens pamene thupi lili ku London. Boma la Britain linakana mu 1984, ndipo akuluakulu a British Museum amatsamira pa lamulo la 1963 lowaletsa kupereka zimene akusunga.

Ena ankati Greece ilibe malo abwino osungiramo chumachi, n'chifukwa chake Mayi Mercouri analimbikira zoti pamangidwe nyumba yatsopano pafupi ndi phiri la Acropolis, pomwe pali kachisiyo. Anamwalira ndi khansa mu Malichi 1994 ali paundunawo kachiwiri. Nyumbayo inatsegulidwa mu 2009, ndipo m'malo mwa ziboliboli zimene zili ku London anaikamo zoumba zoyera zongofanizira, zomwe mlendo aliyense amazisiyanitsa mosavuta ndi miyala yeniyeni.