"Ndipatseni ya i7": mawu amene ndatopa nawo

Sabata silitha osabwera munthu pa shopu panga n'kunena kuti, "Achimwene, ndikufuna laputopu ya i7, ya ma core ambiri." Ndikafunsa ntchito yake, akuti kulemba makalata pa Word ndi kuonera YouTube. Nanga ma core asanu ndi atatuwo azikachita chiyani?

i7 ndi i5 ndi mayina a magulu a ma purosesa a kampani ya Intel, ndipo purosesa ndiye ubongo wa kompyuta. Core iliyonse ili ngati wantchito mmodzi mkati mwa purosesa. Ntchito zina zili ngati kupalira: aliyense mzere wake, mukachuluka munda umatha dzuwa lisanatenthe. Kukonza mavidiyo a ukwati, kutulutsa zithunzi za 3D, kusakaniza nyimbo mu situdiyo, zonsezi zimagawika, ndipo wa ntchito zotere ndimamuuza ndekha kuti asaumire ndalama. Koma zambiri za mu ofesi zili ngati kuvundula nsima. Mthiko ndi umodzi, enawo angoima chilili. Katswiri wa makompyuta Gene Amdahl anafotokoza malire amenewa kale mu 1967, koma ogulitsa athu amakhala ngati sanamvepo.

Amene amandiwawabe mumtima ndi mayi ena, aphunzitsi, omwe anakongola ndalama ku banki m'khonde kuti agule laputopu ya kaunjika. Wogulitsa anangowalozera kasitika ka i7. Atabwera nayo, ndinapeza kuti ndi i7-7500U, ya ma core awiri okha, pomwe i5-8250U ya 2017, yomwe anainyoza chifukwa cha dzina, ili ndi anayi. Komanso purosesa yawoyo Microsoft sinaiike pa mndandanda wa ma purosesa ovomerezeka pa Windows 11, ndipo Windows 10 inasiya kuthandizidwa pa 14 Okutobala 2025.

Chokwiyitsa n'choti vuto silinali purosesa n'komwe. Laputopuyo inkachedwa chifukwa cha hard disk (mosungira mafayilo) yakale yozungulira ija ndi RAM (malo ogwirirapo ntchito a purosesa) ya 4GB yokha. Asanafike kwa ine, mnyamata wina anali atawadyera kale ndalama, eti "akutsegula ma core obisika". Bodza lenileni. Windows imagwiritsa kale ntchito ma core onse popanda kuipempha. Miyezi yonseyo fani inali itatsekeka ndi fumbi, makina akutentha ngati mbaula pamiyendo pawo. Ndinaikamo SSD, yomwe ndi chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk, ndinapukuta fumbilo, koma ngongole ija akubwezabe.

Musanapereke ndalama, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, muwerenge nokha nambala yonse ya purosesa ndi chiwerengero cha ma core. Wogulitsa akakana kuti muiyatse, tulukani.