Mphemvu yakufa ndi nambala 191 m'mimba mwa ZX Spectrum

Kunja kwake, kompyuta ya ZX Spectrum ya mu 1982 ndi ya mu 1983 zimaoneka ngati mapasa: kabokosi kakuda, mabatani arabala. Kuti uzisiyanitse bwino, umayenera kumasula tizomangira tapansi ndi kuwerenga mawu olembedwa pa bodi yam'kati yomwe pamakhala tizipangizo tamagetsi: Issue 1, Issue 2 kapena Issue 3, kusonyeza mtundu wa bodiyo.

Kampani ya Sinclair Research ya ku Cambridge idatulutsa kompyutayi mu Epulo 1982, ya memole ya 16K pa £125, ya 48K pa £175, ndipo ankaisonkhanitsa pa fakitale ya Timex ku Dundee, ku Scotland. Ntchito yambiri inkagwiridwa ndi tchipi chimodzi chotchedwa ULA, chopangidwa ndi kampani ya Ferranti. Tchipi choyambacho chidabwera ndi chilema, koma nthawi yodikira china padalibe. Adangotenga katchipi kena, n'kukagoneka chagada, miyendo m'mwamba, n'kukalumikiza ndi timawaya. Anthu adakatcha mphemvu yakufa, ndipo ukakaona sungatsutse. Pa Issue 2 padabweranso chigamba china, katransisita kokhala pamwamba pa purosesa ya Z80, kamene adakatcha kangaude.

Issue 3 ya mu 1983 idali yaukhondo. Tizitsulo topotokola pokonza mitundu pa TV tidachotsedwa, chitsulo chochotsa kutentha chidasunthira kumbuyo. Koma mkangano udabukira pa bodi yabwinoyi.

Spectrum imawerenga mabatani kudzera pa doko 254, polowera pamene pulogalamu imafunsa n'kulandira nambala ya mabiti asanu ndi atatu (biti ndi 0 kapena 1). Mabiti asanu oyamba, biti 0 mpaka 4, ndiwo a mabatani, pamene biti 6 ndi ya phokoso lochokera ku kaseti yosungira mapulogalamu. Pa makina akale, ngati palibe batani lodinidwa, dokolo linkabweza 255. Pa Issue 3 lidayamba kubweza 191, kusiyana kwa 64, komwe ndi biti 6 yokhayo. Olemba masewera ena ankangofunsa kuti, "Kodi ndi 255?" Yankho likakhala ayi, pulogalamu inkaganiza kuti wina wagwira batani. Mwana wagula kaseti, wadikira mphindi zingapo ikulira, kenako kamunthu kakuthamanga kokha kapena masewera akukana kuyamba.

Mlandu ndi wa yani? Ine ndimauika kwambiri pa olemba mapulogalamu, chifukwa buku la makinawo lidanena poyera kuti mabatani ali pa mabiti asanu okha. Komabe wogula sizinkamukhudza. Iye ankangoona kuti kwa mnzake zikusewereka.

Mpaka lero mapulogalamu otsanzira Spectrum, monga Fuse, ali ndi kabokosi kochonga kolembedwa Issue 2, kuti masewera amenewo apeze 255 yawo.