Kukauza abishopu si kukanena mlandu ayi

Pa ntchito yanga ya uloya pali mawu omwe ndatopa kuwamva, ndipo amachokera kwa makolo abwinobwino okonda ana awo: "nkhaniyi tinaitula kwa akuluakulu a mpingo, akudziwa, anati tidikire." Ndikafunsa kuti nanga kupolisi munapita, amandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndikafunsa za kuchipatala, amati mwana sanavulale. Abale anga, wansembe akagwiririra mwana wapalamula mlandu ku boma la Malawi chimodzimodzi mphunzitsi, malume kapena woyendetsa kabaza, kolala ija siisintha kanthu pa lamulo. Abishopu alibe selo, alibe mphamvu yomanga munthu, satenga umboni wa kuchipatala. Chachikulu chomwe mpingo ungachite ndi kumuchotsa unsembe, ndipo munthu wochotsedwa unsembeyo amapita kukakhala ku lokeshoni komwe kulinso ana.

Sindikulemba izi chifukwa chodana ndi mpingo. Ansembe ambiri akugwira ntchito yawo mwachilungamo, ndipo anthu omwe amabwera kwa ine akulira ndi akhristu enieni, amayi a m'mphakati, abambo a mu kwaya, anthu oti Lamulungu sajomba misa. Chomwe chimawamanga manja ndi chikondi chomwecho, amaopa kuchititsa manyazi mpingo. Koma mpingo womwewo unasintha malamulo ake. Mu 2019 Papa Francis anatulutsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi, lokakamiza wansembe ndi sisitere aliyense kuti akamva nkhani yotere ainene kwa akuluakulu, komanso kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo, ndipo lamulolo limaletsa kuuza wodandaula kuti akhale chete. Mu Disembala chaka chomwecho anachotsa chinsinsi cha upapa pa milandu imeneyi. Ndiye munthu akamakuuzani kuti mukapita kupolisi mwachimwira mpingo, akukunamizani, olo atakhala tcheyamani wa parishi.

Kunja anadutsamo kale mu njira yodikirayi ndipo tikudziwa komwe inathera. Ku Boston, ku America, mu 2002 atolankhani a Boston Globe anaulula kuti wansembe John Geoghan ankangosamutsidwa parishi iyi kupita ina madandaulo ali mbwee, akuluakulu akudziwa, mpaka Kadinala Bernard Law anatula pansi udindo kumapeto kwa chaka chomwecho. Ku Pennsylvania, ku America komweko, mu 2018 kafukufuku wa boma anapeza kuti ansembe oposa 300 anachitira nkhanzazi ana oposa 1,000, koma oimbidwa mlandu anali ochepa kwambiri chifukwa ambiri anali atamwalira kapena nthawi yozengera inali itatha malinga ndi malamulo a kumeneko. Ku France mu 2021 bungwe lomwe mpingo unakhazikitsa wokha linayerekeza kuti ana pafupifupi 216,000 anachitidwa nkhanzazi ndi ansembe ndi ena a m'zipani za mpingo kuyambira 1950. Mabanja ena mwa amenewa anakauza mpingo. Anauzidwa kuti adikire.

Pali nkhani imodzi yomwe mpaka pano imandisowetsa tulo. Mnyamata wina anali wotumikira pa guwa, wa nzeru m'kalasi, bambo ake anamwalira, ndiye wansembe wa pa parishi yawo anayamba kumulipirira fizi, kumugulira nsapato, Loweruka kumuitana kunyumba ya ansembe kuti akasite zovala za misa. Mayi ake ankathokoza Mulungu, ndipo ndani sakanathokoza. Mwana atayamba kukana kupita, kukodza pogona ali wamkulu kale, mayi ankamukalipira kuti ndi wosayamika, mpaka tsiku lina anaulula. Mayiyo sanakaike mwana wake ngakhale pang'ono, izi ndimamulemekeza nazo, koma anapita kwa akuluakulu a pa tchalitchi. Kunakhala kamsonkhano ka usiku, kunabwera envulopu ya ndalama zoti akuti za fizi, anamupatsa pepala long'ambidwa mu kope kuti adindepo chala kuti nkhani yatha. Pasanapite nthawi wansembe anasamutsidwa. Pomwe mnyamatayo ankafika kwa ine anali bambo wa ndevu zake, sukulu anasiyira panjira, mowa wamugwira, anatulutsa pepala lija m'thumba la pulasitiki litapindidwa kanayi, inki ya chala cha mayi ake itazilala, nkundifunsa ngati pepalalo likumuletsa kuyankhula. Zaka zonsezo ankakhulupirira kuti akatsegula pakamwa womangidwa akhala iyeyo, kapena mayi ake.

Pepala lotere silingatseke mlandu wa upandu. Mlandu wogwiririra mwana si wa banja kuti banja liugulitse, ndi wa boma, ndipo kupereka kapena kulandira ndalama ndi cholinga chobisa mlandu waukulu ndi mlandu pawokha. Kwa mnyamata uja pepalalo linali umboni wabwino kwambiri womwe anali nawo, chifukwa munthu salipira pa chinthu chomwe sichinachitike. Koma china chilichonse chinali chitapita. Lipoti la kuchipatala kunalibe, katekisiti yemwe ankamuona akulowa m'nyumba muja anamwalira, foni yomwe munali mameseji inagulitsidwa kalekale, ndipo mnyamatayo anatopa tisanafike patali. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ana a ku parishi komwe munthu uja anapita, omwe makolo awo sanauzidwe kanthu.

Ndiye ngati zachitika lero, dzulo kapena dzana, siyani zonse, thamangani kuchipatala. Musamusambitse mwana, musachape zovala, zikulungeni mu pepala kapena envulopu osati mu jumbo chifukwa chinyontho chimaononga umboni. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, kupitirira apo mwachedwa, ndipo mtsikana amafunikanso mankhwala oteteza mimba mwachangu. Zipatala zikuluzikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi One Stop Centre komwe adokotala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka malo amodzi kuti mwana asamangobwereza nkhani yake pa ofesi iliyonse. Komwe kulibe, pitani pa chipatala chilichonse cha boma kenako ku Victim Support Unit ya polisi. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Ndipo chonde musamupanikize mwana ndi mafunso, musamuuze zoti akanene, lembani mawu ake momwe wawanenera ndi deti basi, chifukwa loya wa mbali inayo akangonunkhiza kuti mwana anaphunzitsidwa mawu, mlandu umafooka. Mameseji a pa WhatsApp musafufute, ma risiti a fizi, ndalama za pa foni, zonse sungani.

Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limaika udindo wokanena pa makolo, achipatala, olera ana ngakhale aneba, si chifundo chomwe mumachita mukafuna ayi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2023 malamulo a upandu anasinthidwa kuti mlandu wogonana ndi mwana ukhudze anyamata ndi atsikana omwe, chilango chake chikhoza kufika moyo wonse kundende. Ndikutsindika za anyamata chifukwa ndi omwe amabisa kwambiri, amaopa kusekedwa, amaopa kuti apolisi awatembenukira. Mwana sangavomere zogonana pamaso pa lamulo, olo analandira foni, olo ankapita yekha.

Kwa inu akuluakulu omwe zinakuchitikirani muli ana, musadziweruze kuti munachedwa. Ku Australia, kafukufuku wa boma yemwe anatha mu 2017 anapeza kuti odandaula za mpingo wa Katolika ankatenga zaka pafupifupi 33 asananene. Mlandu waukulu wa upandu kuno suwola, mutha kukanena lero, ungozengedwa potengera lamulo lomwe linalipo nthawi imene zinachitika. Umboni wanu ndi umboni, ndipo nthawi zambiri mmodzi akayankhula ena amatulukira. Koma mlandu wofuna chipukuta misozi ndi wina, umenewu uli ndi malire a nthawi, zaka zowerengeka chabe, ndipo kawerengedwe kake kamatengera msinkhu wanu pa nthawiyo ndi momwe mlandu walembedwera, ndiye musawerenge nokha pa zala nkugwa ulesi, kaonaneni ndi loya mwezi uno. Ku New York anachita kusintha lamulo mu 2019 nkutsegula mpata woti milandu yakale ilowe m'khothi, ife mpata wotere tilibe.

Funso lomwe ndimafunsidwa kwambiri ndi loti wansembe alibe chuma, ndiye tisumira ndani. Pali njira ziwiri zofikira dayosizi kapena chipani chake. Yoyamba ndi kuonetsa kuti akuluakulu ankadziwa kapena anayenera kudziwa koma anamusiya pakati pa ana, apa ndi pomwe makalata omwe munalemba, mayina a omwe anakhala pa msonkhano ndi deti lomwe anasamutsidwa zimakhala za mtengo wapatali. Yachiwiri ndi kunena kuti mpingo uyankhe pa zochita za munthu wake ngati momwe kampani imayankhira pa wantchito. Mpingo umakonda kuyankha kuti wansembe si wolembedwa ntchito. Makhothi a ku England anakana yankho limeneli mu 2012, anati ubale wa wansembe ndi bishopu ukufanana mokwanira ndi wa bwana ndi wantchito, pomwe khothi lalikulu la ku Australia mu 2024 linagamula mosiyana. Zigamulo za kunja sizimanga majaji athu koma amaziwerenga, makamaka za ku England. Ndiye loya wokulonjezani kuti mupambana basi, muthaweni.

Ndipo ochenjera ndi ambiri pa nkhani zimenezi. Adobadoba amazungulira pa khothi ndi pa polisi atavala jekete, amati ndili ndi loya wanga, ndipatseni ya thiransipoti, kenako amapita mbali inayo kukagulitsa nkhani yanu. Funsani dzina la loya mukalitsimikize ku Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso chaka chino. Ngati mulibe ndalama kuli Legal Aid Bureau, ndi ya boma, ndipo pa mlandu wa upandu simulipira loya chifukwa wozenga ndi boma. Ena ndi aneneri omwe amati mwanayo ali ndi chiwanda cha chiwerewere abwere naye ku mapemphero a usiku, kumuika mwana wovulala kale pakati pa gulu nkumamukuwira. Ena ndi achibale omwe amathamangira kwa mfumu ya m'mudzi kuti mlandu uthe ndi mbuzi, pomwe mfumu ilibe mphamvu pa mlandu wotere. Enanso ndi a pa Facebook omwe amati tumizani chithunzi cha mwana tiyalutse munthuyu, mawa dzina la mwana lili ponseponse, wansembe wathawa, inu mwasumiridwa. Khothi limateteza dzina la mwana ndipo likhoza kumva umboni wake anthu atatulutsidwa, Facebook siingachite zimenezo.

Zokhululuka ndimazimva, ndipo sindilowerera pa chikhulupiriro cha munthu, koma musamuuze mwana kuti akhululuke pomwe sanaonane ndi dokotala kapena mlangizi. Ku mpingo pitaninso, ndikulimbikitsa, chifukwa ndi okhawo omwe angamuchotse pa guwa mwachangu, ndipo malamulo awo amapereka zaka 20 kuchokera pomwe wochitidwa nkhanza wakwanitsa zaka 18, Vatican ikhoza kuonjezeranso. Koma pitani mutachoka kale kuchipatala ndi kupolisi, dandaulo likhale lolemba, musunge kope yanu atadindapo, musapite nokha ku msonkhano uliwonse, ndipo pepala lililonse lomwe akupatseni kuti musaine mubwere nalo kaye kwa loya aliwerenge.