Thanki ya nsomba siyisanduka nyumba ya njoka pongotaya madzi

Ndatopa nalo funso ili abale anga. Nsomba zafa kapena thanki yayamba kudontha, ndiye munthu akuti dokotala ndangoitsuka ndaikamo utuchi, njoka yanga ikhalamo bwino eti? Zotheka zimatheka, sindikukana, koma thanki ija anaipanga kuti isunge madzi basi. Za kutentha, za mpweya, za nyama yomwe usiku onse imakhalira kufufuza potulukira, amene anaipangawo sankaziganiza nkomwe.

Chivindikiro cha thanki ya nsomba nchongoletsa nsomba kudumpha, chili ndi mabowo a mawaya ndi mapaipi, ndipo njoka pomwe mutu wake walowa thupi lonse limatsatira. Corn snake, njoka yoweta yochokera ku America, ikakhala yaing'ono imadutsa pa kabowo komwe inu mungalumbire kuti sizingatheke. Zosanjika mabuku kapena njerwa pamwamba zija zisiyeni, nsato imakankha pakona pomwe palibe cholemera nkutuluka bwinobwino. Pamafunika chivindikiro chokwana ndendende chokhala ndi maklipu okhoma mbali zonse. Ndipo chonde selotepi asalowe mkati ngakhale kachidutswa. Akatenthedwa amamatuka, njoka nkudzikulunga naye, pomuchotsa amachoka ndi khungu lomwe.

Koma chivindikiro chomwecho ndi chimene chimasokonezanso chinyezi. Mukaika cha waya chokhachokha, mpweya wofunda umakwera nkuthawa ndi chinyezi chonse, mkati mumauma gwa. Ball python, kansato kakang'ono kochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa kamene ambiri amakonda kuweta, kamafuna chinyezi cha maperesenti 60 kapena kuposerapo, makamaka ikamafundula. Mukaumitsa, khungu limachoka zidutswazidutswa, lina limatsalira m'maso ndi kunsonga kwa mchira komwe limamanga mpaka magazi osayenda. Ena akaona choncho amatseka pamwamba ponse ndi galasi nkumathira madzi pansi tsiku ndi tsiku, mapeto ake njoka imagona pachinyontho popanda mpweya woyenda ndipo kumimba kumayamba matuza ndi kuola. Chofunika nkuphimba mbali yaikulu ya wayayo, kusiya mpata mbali ziwiri kuti mpweya uzidutsa, kenako muziyeza ndi hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi, osati kungoyang'ana ngati galasi lachita thukuta.

Tsopano nkhani yomwe imandiwawa, kutentha. Njoka siipanga kutentha kwa thupi lake yokha, imasuntha kuchoka pofunda kupita pozizirirapo, ndiye thanki iyenera kukhala ndi mbali ziwiri. Kwa ball python mbali yofunda izikhala pa madigiri 31 mpaka 33, inayo cha m'ma 25. Corn snake imafuna kutsikirako pang'ono. Galasi silisunga kutentha, usiku limazizira msanga, ndiye mwini njoka amagula heat mat, mphasa yamagetsi yotenthetsera, nkuimata pansi pa thanki nkulumikiza ku magetsi osadutsira pa thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyeso. Apa mpomwe zimaonongekera.

Pali nsato ina yomwe mpaka lero ikandibwerera m'mutu ndimakwiya. Mwini wake anali munthu woikonda ndithu, thanki yoyera, madzi abwino, chakudya pa nthawi yake. Heat mat inali yopanda thermostat, ndipo njoka inakumba pansi nkukagona pagalasi penipeni. Anthu amaganiza kuti ikamapsa ithawa ngati mmene galu angachitire. Ayi. Njoka ikhoza kugona pamalo poiwotcha kwa maola ambiri osasuntha, makamaka ngati mpweya wa m'thankimo ndi wozizira ndipo thupi likufunabe kufunda. Kumimba kunayamba kufiira, mwiniwake anafunsa pa gulu lina la pa Facebook, wina wodzitcha katswiri anamuuza kuti ndi kufundula chabe adikire. Anadikira. Matuza atatuluka katswiri yemwe uja anati apake Vaseline ndi kusambitsa mu Dettol. Pomwe inkafika patebulo langa khungu la kumimba linali likusendeka, pansi pake mafinya, fungo lokhalokha, matenda atalowa kale m'magazi. Tinayesa zomwe tikanatha koma siinachire. Chomwe chimandipweteka nchoti tsiku lomwe anaona kufiira lija ikanachizika, ndipo chikanaletsa zonsezi ndi kachipangizo kamodzi kotchipa kuposa njokayo.

Ndiye mvetsani, chilichonse chotenthetsa, kaya ndi mat kaya ndi babu, chidutse pa thermostat ndipo kachingwe kake koyezera kakhale pomwe pakutenthapo. Miyala yamagetsi yotenthetsa imene amagulitsa ija musagule nkomwe. Babu likhale kunja kapena litchingidwe ndi waya poti njoka imalikulunga. Ngati thanki yanu munaichotsa ku nsomba chifukwa inang'aluka pansi, mng'alu uja ukamatenthedwa umapitirira.

Dettol ali ndi mankhwala a mtundu wa phenol omwe ndi poizoni kwa njoka, chimodzimodzi utuchi wa cedar ndi wa paini wosaumitsidwa. Pansi yalani makoko a kokonati, utuchi wa mtengo wa aspen kwa corn snake, kapena mapepala wamba. Za kutsuka sinditayapo nthawi, bleach wosungunula m'madzi, kutsukuluza kwambiri, kuumitsa mpaka fungo litatha. Mukamata ndi silikoni akhale wa ma thanki a nsomba osati wa ku bafa wokhala ndi mankhwala a nkhungu, ndipo aume kaye.

Kukula kwa thanki nako anthu amandiyankha ndi malita, za nsomba zimenezo. Njoka imafuna pansi potambalala, izitha kudziwongola. Ball python yaikulu imafika mita imodzi mpaka imodzi ndi theka, ndipo ambiri odziwa amayambira pa masentimita 120 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 kupita mmwamba. Ma thanki ambiri a nsomba ndi aatali mmwamba koma opapatiza, malo onse ali kumene njoka siikuwafuna.

Galasi loonekera mbali zonse limaisowetsa mtendere. Imakhalira kukhuza mphuno pagalasi mpaka kukamwa kuchita zilonda, kapena ingosiya kudya. Phimbani mbali zitatu chakunja, muike pobisala pawiri, pena kofunda pena kozizira, pothina moti thupi lizikhudza makoma. Komanso dzanja lobwera kuchokera kumwamba kwa iyo ndi ngati kabawi akutsika, nchifukwa chake ena amaigoneka thanki chammbali nkuika zitseko kutsogolo. Ndi nzeru yabwino bola zitsekozo zizikhoma.

Mukamva njoka ikupuma molira, ikupuma kukamwa kuli yasa, thovu kapena mamina akutuluka m'mphuno, mutu itaukweza mmwamba nthawi yaitali, musakafunse pa intaneti. Njoka siitha kutsokomola, ilibe mnofu wa diaphragm womwe ife timakankhira zoipa m'chifuwa, ndipo mitundu yambiri imadalira phapo limodzi, choncho zomwe zalowamo zimakhala momwemo. Imabisanso matenda, pomwe inu mukuona kuti yadwala ndiye kuti inayamba kalekale. Osaipatsa maantibayotiki otsala a anthu, osaipopera mankhwala ophera tizilombo a m'nyumba mukaona tinthata, osamatula khungu lotsalira m'maso ndi zikhadabo kapena kachitsulo poti mungaboole diso. Pitani nayo kwa dokotala wa zinyama amene amaonadi zokwawa, si onse, funsani kaye pa foni. Pobwera mutenge chithunzi cha thanki yonse ndi manambala a thermometer ndi hygrometer a mbali zonse ziwiri, chifukwa ndikakupatsani mankhwala njoka nkubwerera m'thanki yomwe inaidwalitsa, tidzakumananso mwezi usanathe.