Kachipolopolo ka .22 kamapha

Abale anga a ku Mbare ndi ku Highfield mumzinda wa Harare, ambirife tinakula tikumva kuti kamfuti ka .22 kamangovulaza, n'koopsezera mbava basi. Si zoona, ndipo maganizo amenewa amandidetsa nkhawa.

Kachipolopolo kake mukakaika pachikhatho kamachepa ngati njere ya nyemba, sikafika n'komwe magalamu 3. Komatu kamaboola chigaza, kamadutsa chitseko chopyapyala cha matabwa, ndipo kamatha kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi. Mukawombera m'mwamba usiku kuti mbava ithawe, kamakagwera kwinakwake, mwina pa malata a nyumba imene mwagona ana.

Komanso kuno ku Zimbabwe, lamulo lokhudza mfuti, lotchedwa Firearms Act, limafuna setifiketi ya chilolezo ngakhale pongosunga zipolopolo zokha, choncho za m'manja mwa anthu musagule.